Kankhono m'Injini ya Nachisale

1. Galimoto ya akwati

Ku Senga Bay kunalibe munthu wosamudziwa Nachisale. Sanali mayi, ngakhale anthu ankamutchula mwaulemu ngati mayi. Inali galimoto yakale ya mtundu wa Pijo 404, yoyera, yomwe aphunzitsi a Patson Mbewe anasiyiridwa ndi malemu bambo awo.

Ntchito yake yaikulu inali kunyamula akwati. Kwa zaka makumi anayi, mtsikana aliyense wa mumpingo wawo ankapita kukadalitsa ukwati atakwera Nachisale, ndipo amayi ankati ukwati wokwera Nachisale sutha. Inde, maukwati ena anatha ndithu, koma za amenewo anthu sankakamba.

Tsopano inafika nthawi ya eni galimoto. Tamanda, mwana woyamba wa a Patson, ankakwatiwa Loweruka. Koma Lolemba la sabata yomweyo Nachisale anangotuluka pageti, n'kuyamba kufuka utsi woyera, kutsokomola kawiri, n'kuzima. A Patson atasolola kachitsulo koonera oyilo, anapeza oyiloyo atasanduka ngati tiyi wamkaka.

Anthu anaikankha mpaka pansi pa mtengo wa mango kwa a Samueli, makaniki wachikulire, yekhayo m'dera lonselo amene ankaidziwa injini imeneyi. Pakati pa okankhawo panali Agape, mng'ono wake wa Tamanda, mtsikana wa Fomu 3. Ankakankha atazyolika. Anthu ankayesa kuti akumvera chisoni mkulu wake, osadziwa kuti mwanayo akudziwa chimene chadwalitsa Nachisale.

2. Za Lamulungu

Dzulo lake, Lamulungu masana, makolo ake ndi Tamanda anali ku Salima kukakumana ndi ankhoswe. Kiyi anali pamsomali. Agape ankatha kuyendetsa pang'ono, pakuti holide iliyonse ankakhalira kwa a Samueli kuphunzira umakaniki, ndipo mkuluyo ankamulola kusuntha magalimoto kuwaika pamthunzi. Anzake awiri, Hope ndi Faith, ankamuseka kuti kumeneko amangotsuka masipanala. Tsiku limenelo anafuna kuwatseka pakamwa.

Anawanyamula, n'kudzera kanjira ka kuseri kopita kugombe kumene atsikana amachapa. Popita zonse zinali bwino, nyimbo zili pakamwa. Potembenuka, matayala anatitimira mumchenga. Agape anaponda moto, matayala n'kumangozungulira pamalo amodzi. Anaponda, anapondanso, mpaka muvi woonetsa kutentha unafika pofiira ndipo nthunzi inayamba kutuluka m'boneti.

Mantha alibe nzeru. Anatola ndowa yomwe wina anaisiya pamwala, kutunga madzi m'nyanja, kutsegula chivundikiro cha rediyeta atakulunga dzanja ndi chitenje, n'kukhuthulira madzi ozizira mu injini yotentha. Chitsulo chinalira kamodzi, thee! Agape anamva, ndipo anadziwa tanthauzo lake, chifukwa a Samueli anali atamuchenjezapo kambirimbiri za chinthu chomwechi.

Anzake anaika nthambi pansi pa matayala n'kukankha. Nachisale anafika kunyumba akunjenjemera. Agape anamutsuka, kusesa pabwalo pomwe panadutsa matayala, n'kubweza kiyi pamsomali. Hope ndi Faith analumbira kuti sauza munthu, poti nawonso anakwera nawo.

3. Mawu a pafoni

A Patson anali munthu wabwino, koma wa mtima wapachala. Masabata awiri m'mbuyomo a Samueli anali ataiunika galimotoyo pokonzekera ukwati, choncho aphunzitsi sanavutike n'kufunafuna wolakwa.

"A Samueli, ndinakuuzani kuti galimoto iyi inyamula mwana wanga," anatero a Patson, anthu okankha aja ali pomwepo. "Munati zonse zili bwino. Nanga izi n'chiyani?"

"Aphunzitsi, ndiloleni ndiitsegule kaye ndione," a Samueli anayankha modekha.

"Muone ndi maso ati? Ukalamba si mlandu, madala, koma munthu umavomereza. Manja akunjenjemera, maso akuchita chidima. Mwaiwononga nokha, muikonze nokha, poti kutawuni kulibe oidziwa. Koma ukwati ukangotha simudzandionanso pano."

Akanathera pomwepo bwenzi zili bwinoko. Koma madzulo ake anajambula mawu pafoni n'kutumiza pagulu la komiti ya ukwati, kunena kuti a Samueli atha ntchito ndipo aliyense wokonda injini yake asamale. Mawu a pafoni sayenda wapansi. Pofika m'mawa anali atafika kwa eni maboti, omwe kwa zaka zambiri ankabweretsa injini zawo pansi pa mango uja.

Agape anawamva mawuwo pamjigo, akulira m'foni ya mayi wina, amayi ena akuseka. Anachita manyazi kwambiri moti anasenza ndowa yosadzadza n'kuchokapo.

4. Chimene chinatuluka m'rediyeta

Lachiwiri m'mawa Agape anapita kwa a Samueli monga mwa masiku onse a holide. Anaganiza kuti akapanda kupita anthu amukayikira.

Anamasula mabawuti limodzi, n'kunyamula hedi, chitsulo cha pamwamba pa injini, kuika pabenchi. Pansi pake panali gasiketi, kachinthu kopyapyala kotseka pakati pa hedi ndi thupi la injini. Inali itapsa n'kung'ambika pakati. A Samueli anagoneka rula yachitsulo pahedi, n'kuloza kudzuwa.

"Ukuona kuwala kukudutsa pansi pa rula? Hedi yapindika. Taona mavavu awiriwa, tizitsulo totsegula ndi kutseka mpweyati, m'mbali mwake ngati mwadya khoswe. Apsa. Injini iyi inatentha koopsa, kenako inazizira mwadzidzidzi."

Agape anangoti, "Eya, agogo."

Kenako mkuluyo anamasula rediyeta, kuyala nsalu yoyera pabeseni, n'kuizondotsa. Munatuluka madzi a dzimbiri, munatuluka mchenga, ndipo pamapeto pake munagwa kanthu kakang'ono kolira kuti kwee pabeseni. A Samueli anakatola n'kukapukuta pa ovolosi yawo. Kanali kankhono ka m'nyanja.

Anakayang'ana nthawi yaitali. Manja awo ankanjenjemeradi, koma maso ankaona bwinobwino.

"Mdzukulu," anatero, "m'galimoto iyi ine ndimathira madzi a mvula okhaokha, a mumgolo uwo, osefa ndi nsalu. Bambo ako amachitanso chimodzimodzi, chifukwa ndinawaphunzitsa ndine, monga ndinaphunzitsira agogo ako. Mvula sigwa ndi nkhono."

Agape anangoti kukamwa yasa.

"Sindikukufunsa kanthu, ndipo usandiyankhe. Tambasula dzanja." Anaika kankhonoko m'dzanja lake n'kulifumbatitsa. "Sunga. Ine sindikanena kwa aphunzitsi. Ndikanena, adzati nkhalamba yasowa pothawira, ikukankhira mwana mlandu. Ndipo ngakhale atandikhulupirira, mwini nkhonoyi adzakhala munthu wogwidwa, osati munthu woulula. Amenewo ndi anthu awiri osiyana. Wogwidwa amayenda moyang'ana kumbuyo moyo wake wonse. Woulula amachita manyazi tsiku limodzi, mwina sabata, kenako amayenda bwinobwino pakati pa anthu. Akuluakulu anati nkhuyu zodya mwana zipota wamkulu. Zikundipota ndithu, sindikubisa. Dzina limeneli ndalimanga zaka makumi asanu, ndipo ndilibe zaka zina makumi asanu zomangira lina. Koma basi, tiye tigwire ntchito. Tamanda sanalakwe kanthu."

Agape anaika kankhonoko m'thumba la siketi. Kanali kopepuka ngati njere ya chimanga, koma tsiku lonse ankangokamva pantchafu.

5. Galasi ndi mavavu

Lachitatu lonse linali la hedi. A Samueli anatulutsa galasi lochindikala lomwe ankasunga pansi pa bedi, kuyalapo sandipepala, n'kuwazapo madzi. Anagoneka hedi pamwamba pake.

"Kankha, koka, zungulira. Usakanikize mbali imodzi. Ukatopa unene."

Agape sananene. Anakankha mpaka mapewa anayamba kuwotcha, ndipo m'manja munatuluka matuza. Anaganiza kuti akavutika kwambiri ndi ntchitoyi, mwina mlandu uchepa. Kawirikawiri mkuluyo ankaika rula n'kuloza kudzuwa. Kuwala kunkachepa pang'onopang'ono, koma kunkaonekabe.

"Agogo, kangotsala pang'ono," anatero Agape masana. "Tikaika gasiketi yatsopano n'kupaka guluu, sizitseka?"

A Samueli anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe.

"Anyamata ambiri amatero. Amapaka guluu, amamanga mabawuti, galimoto n'kulira, mwini wake n'kuwaombera m'manja. Imayenda sabata imodzi, mwina iwiri. Kenako madzi amapeza njira pamalo opindika paja, n'kukumananso ndi oyilo, ndipo imafera pamsewu, kutali ndi kwawo, itanyamula anthu. Chopindika sachiphimba, mdzukulu, amachiwongola. Kuwongola kumapweteka manja, inde. Koma ukaphimba, tsiku lomwe chidzatulukire chidzakhala chachikulu kuposa lero, ndipo chidzapweteka ena amene sanalakwe. Pitiriza kukankha."

Agape anadziwa kuti sakunena za hedi yokha. Anawerama n'kupitiriza.

Chakumadzulo rula inagona osasiya mpata. Mkuluyo anafukula m'bokosi mavavu awiri a injini ina yakale yomwe anaisunga kuyambira kale. Anamuonetsa kupaka phala lachitsulo m'mbali mwa vavu, kuiika pamalo pake, n'kuizunguza ndi kamtengo pakati pa zikhatho ngati munthu wopekesa moto. Akamaliza ankathira palafini pamwamba. Akadontha, ayambirenso.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," anatero a Samueli, osamuyang'ana.

Tsiku lonselo palibe mwini boti ngakhale mmodzi amene anafika pamango paja. Masiku ena pankakhala anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi, atakhala pamatayala akale, akudikira ndi kucheza. Koma tsiku limeneli mkuluyo ankangotukula mutu njinga ikamadutsa pamsewu, kenako n'kuweramanso. Agape ankaona zonsezi.

6. Wilibala

Lachinayi m'mawa a Patson anafika ndi gasiketi yomwe anakaisaka ku Lilongwe. Anaiika pabenchi osapereka moni wokwanira, n'kuima poteropo manja ali m'thumba.

Posakhalitsa kunamveka kulira kwa wilibala. Anali a Mcdonald, mwini maboti awiri, amene injini yawo inali pamango paja kudikira kukonzedwa. Anavula chipewa, n'kuyamba kukanda m'mutu.

"Madala, pepani. Ndabwera kudzatenga injini ija. Ndaganiza zoti ndikaionetse kwa anyamata ku Salima."

"Yangotsala pang'ono, a Mcdonald. Loweruka lapitali ndinakuuzani chomwe chavuta."

"Eya, munandiuza. Koma mukudziwa, panyanja si pamsewu. Ikazima pakati pamadzi, anyamata anga sangatsike n'kukankha. Ndiye ndi zimene tikumvazi..." Anayang'ana a Patson, n'kusiyira pomwepo.

A Samueli sanatsutse. Anapukuta m'manja, n'kupita kukagwira mbali imodzi ya injiniyo kuti awathandize kukweza. Munthu amene anaphunzitsa theka la amakaniki a m'dera limenelo ankathandiza kunyamula ntchito yake kuichotsa pakhomo pake. Atawerama, bondo linawagwedera, ndipo anagwira pansi ndi dzanja limodzi.

Apa Agape analephera kupirira.

"A Mcdonald, dikirani!"

Onse atatu anatembenuka. Agape anapisa m'thumba, kupita kwa bambo ake, n'kugwada pamchenga wa oyilo. Anatambasula dzanja la matuza lija.

"N'chiyani chimenechi?" anafunsa a Patson.

"Nkhono, adadi. Inatuluka m'rediyeta. Ndinaithiramo ndine, pamodzi ndi madzi a m'nyanja."

Anafotokoza zonse: za kiyi, za mchenga, za muvi wofiira, za ndowa, mpaka za tsache lomwe anasesera pabwalo. Mawu ankaduka, misozi ikugwera pasiketi, koma sanasiye pakati. Za anzake anangoti analipo, koma woyendetsa anali iye.

"Agogo sanalakwe chilichonse. Anadziwa kuyambira Lachiwiri, koma sananene. Ine ndinamva mawu anu pamjigo, amayi akuseka, ndipo ndinangokhala chete. Ndachita manyazi, adadi. Pepani. Agogo, pepani."

A Patson anayang'ana kankhonoko, anayang'ana mwana wawo, kenako anayang'ana pansi. Agape ankayembekezera kukalipiridwa, mwinanso khofi. Koma anaona chinthu chimene anali asanachionepo: bambo ake, amene ankaimitsa sukulu yonse ndi diso lokha, akulephera kutukula nkhope.

A Mcdonald anatsitsa injini yawo pang'onopang'ono n'kuibweza pamalo pake. Anakankha wilibala yopanda kanthu n'kumapita, osatsanzika.

A Patson anavula chipewa. "A Samueli, ndakulakwirani. Ndilibe pogwira."

"Ndamva, aphunzitsi," mkuluyo anayankha. "Ine ndi inu tilibe mlandu. Ndinakuonani mukukwawa pansi pa galimoto yomweyi muli kamwana, sindingakusungireni chakukhosi. Koma ndikuuzeni mawu amodzi, poti ndine wamkulu kwa inu. Mwana uyu anathira madzi ozizira m'chitsulo chotentha osadikira. Inunso munatulutsa mawu mtima uli wotentha osadikira. Ndinakupemphani kuti nditsegule kaye ndione, simunandilole. Madzi akatayika saoleka. A Mcdonald amva chifukwa anali pano. Nanga onse aja amene anamva pafoni, ku Chinguluwe, kugombe, kutchalitchi? Mawu oipa anapita pagalimoto, abwinowa apita wapansi. Sindikukuuzani chochita. Ndinu aphunzitsi, mukudziwa nokha."

A Patson anatenga kankhono kaja m'dzanja la Agape, kukaika m'thumba la malaya, n'kuchokapo chipewa chili m'manja.

7. Kiyi

Lachisanu a Patson anabwera atavala malaya akale, n'kupempha chochita. A Samueli anawapatsa ntchito yotsuka masipanala. Kunyumba usiku wa dzulo lake sanamulankhule Agape, ndipo kwa Tamanda ndi mayi ake sananene kanthu. Chete ameneyo anamupweteka mwanayo kuposa chikwapu.

Anaika gasiketi yatsopano, n'kutsitsirapo hedi mosamala. Mabawuti anamanga Agape, mkuluyo akuloza ndi chala: kuyambira pakati, kupita kunja, pang'onopang'ono, kubwereza katatu. Anathira oyilo watsopano. Pomaliza a Samueli anamupatsa chigubu ndi nsalu yosefera, n'kuloza mgolo wa madzi a mvula.

Dzuwa litapendeka, mkuluyo anatenga kiyi kwa a Patson n'kumupatsa Agape.

"Unamugoneka ndiwe. Mudzutse ndiwe."

Agape anayang'ana bambo ake. Iwo anagwedeza mutu kamodzi. Analowa, napotokola kiyi. Nachisale anabuula, n'kukhala chete. Anapotokolanso. Nachisale anatsokomola, anagwedezeka, kenako analira bwinobwino, mawu osalala, opanda utsi woyera. A Samueli anaika khutu pafupi ndi injini kwa kanthawi, anasolola kachitsulo ka oyilo, n'kukaonetsa kwa a Patson. Oyilo anali wonyezimira ngati uchi.

Agape anafuna kumwetulira, koma bambo ake anafika pawindo n'kutambasula dzanja. Anazimitsa injini n'kuwapatsa kiyi.

"Mvetsera bwino," anatero a Patson motsitsa mawu. "Pagulu la komiti ndatumiza kale mawu opepesa, koma a Samueli anena zoona, ambiri sawamva. Mawa anthu onse amene anamva zoipa zija adzakhala pabwalo la tchalitchi. Akadzaona Nachisale akufika, adzafunsa kuti wamudzutsa ndani. Pamenepo ndidzayankha ndine, mokweza, a Samueli ataima pambali panga, ndipo ndidzawapepesa anthu onse akuona. Koma adzafunsanso kuti nanga anamugwetsa ndani. Funso limenelo si langa."

"Ndamva, adadi."

"Ndipo mkulu wako asakamve zimenezi koyamba pakhomo la tchalitchi atavala velo. Wakhala masiku anayi osadya bwino, akulirira galimoto iyi, akutukwana nkhalamba yosalakwa mumtima mwake. Umuuze wekha, lero."

Asanamalize, kabaza inaima pamsewu. Tamanda anatsika akuthamanga, tsitsi lomanga theka, chikwama cha pulasitiki chili m'manja. Anali atamva kulira kwa injini ali kwa omanga tsitsi.

"Walira! Nachisale walira!" Anavina pamchenga, kugwira a Samueli chanza ndi manja awiri, kenako n'kuthamangira kwa mng'ono wake. "Agape, mwana wa amayi, ndinadziwa kuti undipulumutsa ndiwe! Taona manja akowa, watuluka matuza chifukwa cha ine. Tasamba msanga, diresi lako lafika, tiye ukayese."

Anatulutsa diresi la operekeza mkwati n'kulitambasula kuti alione. Agape anabisa manja ake akudawo kumbuyo. A Samueli anawerama n'kuyamba kutolera masipanala, ndipo a Patson anatembenukira kumsewu.

"Achemwali," anatero Agape, "diresilo libwezeni kaye m'chikwama. Tiyeni tikhale pansi apa, ndili ndi mawu."

Kumwetulira kwa Tamanda kunayamba kuzilala.